Katatu Poyerekeza ndi Chiyani?

Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu, olemekezeka mkulu wa sukulu ino, aphunzitsi amene mwasiya ntchito zanu kuti mukhale nafe sabata ino, anamwino ndi madokotala amene mwakhala pafupi ndi khomo ngati mukufuna kuthawa, ophunzira nonse, amayi ndi abambo.

Ndathokoza pondiitana. M'kalata yanu munalemba kuti muphunzira kumasulira manambala a multinomial logistic regression, ndipo mayi a kunyumba ataona dzinali anandifunsa ngati ndi matenda atsopano. Ndinawauza kuti ndi njira yowerengera pamene anthu ali ndi zosankha zoposa ziwiri, koma imadwalitsadi ukaithamangira. Ine inandidwalitsapo.

Nditangoyamba ntchito, anandipatsa kafukufuku wa komwe makolo amapita mwana akatentha thupi. Zosankha zinali zitatu: kugula mankhwala m'sitolo, kupita kuchipatala chaching'ono, kapena kupita kuchipatala chachikulu. Kompyuta inatulutsa pepala, ndipo pa mzere wa mabanja okhala ndi njinga, pansi pa chipatala chachikulu, panali nambala 3. Ndinalemba kuti mabanja a njinga amathamangira kuchipatala chachikulu katatu kuposa anzawo, choncho popeza njinga zikuchuluka, anamwino awiri achotsedwe kuchipatala chaching'ono.

Tsiku la msonkhano wokambirana zimene ndinalembazo ndinavala jekete yobwereka, manja ake ofika m'zala. Ndikuyankhula, namwino wamkulu wa chipatala chaching'onocho, amene tonse tinkawatchula Anti Jakisoni, anapempha kuona pepalalo. Anavala magalasi, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono, kenako anati, "Mwananga, ine masamu sindinapite nawo patali, koma katatu kameneka n'koyerekeza ndi chiyani? Nanga nambala 4 ili m'munsiyi ndi ya ndani?"

Thukuta linatsika mpaka m'sokosi. Manambala onse awiri ankayerekeza ndi sitolo. Pakati pa chipatala chachikulu ndi sitolo, njinga inkapendeketsa mabanja katatu kupita kuchipatala chachikulu; pakati pa chipatala chaching'ono ndi sitolo, inkawapendeketsa kanayi kupita kuchaching'ono. Ndiye kuti a njinga ankasiya sitolo n'kumapita makamaka kwa Anti Jakisoni, komwe ine ndinkafuna kuchotsa anamwino. Ndinapepesa pamaso pa onse. Anamwino aja sanachoke, ndipo chaka chotsatira anawonjezeredwa wina. Pamsonkhano paja, Anti Jakisoni anandipatsa madzi akumwa n'kunena kuti jekete ikundikhala bwino.

Inu ophunzira, mukaona nambala yoyerekeza mwayi, musayambe mwaombera m'manja. Pezani kaye gulu limene magulu enawo akuyerekezedwa nalo, werengani mizere yonse osati umene wakusangalatsani, ndipo musanene kuti chinthu chimachitika katatu pamene nambala ikungonena za kupendekera pakati pa zosankha ziwiri. Mukatero kafotokozereni munthu wogwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Akakwinya nkhope, bwererani pakompyuta. Kuseri kwa nambala iliyonse kuli mayi wobereka mwana wotentha thupi, amene akufuna kupeza namwino akafika.

Aphunzitsi akundiyang'ana mawotchi ali m'manja, ndipo makompyuta makumi awiri akutidikira m'chipinda chinacho. Choncho, ndi chimwemwe chachikulu, ndikulengeza kuti maphunziro athu atsegulidwa kuyambira pano. A pafupi ndi khomo, inu ndi amene muyambe kulowa.

Zikomo kwambiri nonse.