Amayi Akunyumba Akudikirabe Sitima

Pasiteji ya minibasi, pomwe kale pankakumana njanji zochokera mbali zinayi, bambo wina wa imvi anayamba kucheza ndi mayi wogulitsa masokosi.

"Ndiye sitimazo munaziona ndi maso, bambo?"

"Wozisintha njira ndinali ine. Pomwe mwayala masokosipo m'pomwe ndinapeza amayi akunyumba. Anatsika kuti akwere sitima ina, iyo n'kuwasiya. Anati angokhala kwathu mpaka idzabwerenso."

"Ndiye sinabwere?"

"Njanji anaitseka mwezi womwewo. Pano tili ndi zidzukulu."

"Koma ndiye mwayi. Nanga mwamva zoti akufuna kuikonzanso?"

"Ndamva, mayi. Iwonso amva. Dzulo ndinawapeza akupukuta fumbi pasutikesi yawo, uku akuimba kanyimbo."