Khadi la Vitumbiko

Pa siteji ya Chiweta, mayi Kezia ankadikira minibasi atafumbata envulopu. Pambali pawo panaima bambo wovala jezi yosuluka.

"Pepani dada, jeziyo si ya Hewe Rockets? Ofesi yawo ili pati ku Boma?"

"Ofesi, mama? Timu ija inangosewera masizoni awiri. Fodya atagwa mtengo, mwiniwake anaitaya ngati chitsononkho. Muofesimo akumetamo anthu."

"Mwana wanga Vitumbiko ankagwira pagolo m'timu imeneyo. Timu ya ku Mzuzu ikumufuna, koma akuti popanda khadi lake lakale samulemba. Kalembera akutha Lachisanu."

"Makhadi ankasunga ndi mlembi."

"Yewo chomene. Amakhala kuti?"

"Ku Joni, mama. Khadi langanso anapita nalo. Chaka chachitatu chino mpira ndikungouonera kunja kwa chingwe."