Chifukwa Chake Mayi Tiyanjane Chimbalanga Agona ku Toronto

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1976 ku Utale, m'boma la Balaka. Anali oyamba mwa ana atatu: iwowo, ine Luke mlongo wawo amene ndaima pano, ndi mng'ono wawo Mayi Juliet.

Sukulu anayamba mu 1983. Mu 1992, ali Folomu 2, mvula inadula mu Januwale, chimanga n'kupserera chisanamasule. Fizi inasowa, iwo anabwerera kumudzi. Makolo athu ankalawirira kukagwira ganyu m'minda ya anthu opeza bwino, wathu munda ukumera tchire. Chaka chomwecho theka la dimba lathu la m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi linapita ndi matumba atatu a chimanga. Ankati n'kubwereketsa chabe. Papita zaka 33, silinabwerere.

Anayambiranso sukulu mu 1995, kenaka anaphunzira unamwino. Mu 2002 anamanga banja ndi Bambo Owen Chimbalanga ku Blantyre, ndipo mu 2009 anabwera kuno ku Canada. Mapepala awo a unamwino sanavomerezedwe kuno. Sanakhale pansi n'kumadandaula. Anayamba ntchito yosamalira okalamba ku North York, kukwera mabasi awiri tsiku ndi tsiku, chisanu chisakhale chisanu. Amene munagwira nawo ntchito mukudziwa kuti achemwali angawa sankapsatira mawu, ngakhale kwa abusa.

Ankakonda kunena kuti chilala sichiwotcha anthu mofanana. Wa pampu amakolola kawiri n'kugulitsa chimanga mtengo utakwera. Wa khasu amagulitsa mbuzi, kenaka njinga, mapeto ake munda.

Mu 2024 zinachitikadi. Pamunda pamene Mayi Juliet ankapeza matumba khumi ndi asanu, anakolola ndowa ziwiri. Mkulu wina wa m'tauni, amene wagula kale madimba a mabanja asanu oyandikana nafe, anabwera kudzafuna kugula theka lotsala la dimba lathu lija. Malemu anamukanira pa foni, ndipo mawu ake sindingawabwereze m'tchalitchi muno.

Mu Epulo 2025 anapezeka ndi khansa ya m'chiwindi. Anatisiya pa 3 Novembala, ali ndi zaka 49.

Tsopano ndiyankhe zimene zakhala zikunong'onedwa pa gulu lathu la pa foni, zoti banja lino lataya munthu kuchilendo. Mwambo wathu tikuudziwa: tikasonkha, thupi limakwera ndege kukagona pafupi ndi makolo. Malemu anakana okha. Anatiitana kuchipatala, ine ndi amuna awo, n'kutilamula kuti ndalama za ndege zigule pampu ya sola ndi mapaipi. Anati sangakagone ku Utale ana a mng'ono wawo akupalira dimba la makolo awo ngati aganyu. Zinandipweteka, ndinatsutsa, koma sindinawagonjetsepo chibadwire.

Choncho zopereka zanu sizinasowe ayi. Zili m'mbali mwa Rivirivi. Ndipo mkulu uja anatumiza chipepeso kumudzi, pamodzi ndi uthenga woti mtengo umene anatchula wogulira dimbalo udakalipo. Chipepeso sabweza, tikudziwa. Ife tabweza. Amene mukuonera mwambo uno pa foni muli kumudzi, mukamuuze kuti dimbalo siligulitsidwa, chaka chino kapena chamawa.

Malemu asiya amuna awo Bambo Owen, ana awiri, Mphatso ndi Ryan, ine mlongo wawo, ndi Mayi Juliet amene sanathe kubwera. Tikuthokoza abusa ndi amayi a mpingo amene sanatope kusinthana pambali pa bedi lawo, anzawo a kuntchito, ndi abale athu a ku Zambia okhala ku Markham kuno ku Canada amene anyamula nafe maliro ano ngati awo.

Achemwali, dzulo m'mawa Mayi Juliet anayatsa pampu ija, mvula isanagwe n'dontho lomwe, ndipo madzi anafika mpaka kumzere womaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.