Afalansa pa Mtondo wa Anti Anastasia

Nkhani iyi Malama yonse ikuidziwa, koma ambiri amaifotokoza mokhotetsa, ndiye imvani yeniyeni. Gideon, uja ankatsuka mbale ku kampu ya alendo, tsiku limene abwana ake anamuyesa koyamba pa ntchito yoperekeza alendo kumudzi, anatulukira pakhomo pa a Anastasia, alongo awo a atate ake, ali ndi azungu awiri a ku Falansa, bambo wamtali wandevu ndi mkazi wake, ndipo abwanawo anali atamuuza mosabisa kuti azunguwo akabwerako osakondwa, iyeyo abwerera kumbale.

"Mwaswera bwanji, Anti? Alendo aja ndi awa."

"Taswera, mwananga. Akhale apa, pamthunzi." Anti anapukuta mipando ndi nsonga ya chitenje. "Nkhuku yagwidwa kale."

"Sanabwerere kudzakhala, Anti. Mtondo uli kuti?"

"Mtondo wa chiyani?"

"Asinje."

"Ndani?"

"Iwowa."

Anti anayang'ana azungu. Azungu anamwetulira. Anti anayang'ananso Gideon.

"Alakwa chiyani?"

"Sanalakwe. Ali pa holide."

"Holide si kupuma?"

"Ndiye kupuma kwawo kumeneku. Abwana anena zitatu: asinje chimanga, atunge madzi, atuluke thukuta."

"Kwawoko kulibe chigayo?"

"Chilipo. N'chifukwa chake abwera kuno."

"Aaa! Iwe Gideon, sunakulire pakhomo pano iwe? Unaonapo mlendo wanga atagwira munsi? Abusa aja a ku Jumbe anandithera nkhuku m'khola, koma ngakhale tsache analikhudzapo?"

"Abusa sanali pa holide, Anti."

"Tayang'ana uko."

Gideon anatembenuka. Pamwamba pa mpanda wa udzu panali duku la a Dolly, aneba aja amene pakamwa pawo pamafika kumjigo miyendo ikadali pakhomo.

"Mawa ndikamva kuti Anastasia wayamba kulemba azungu ganyu," anatero Anti monong'ona. "Kutchalitchi ndikalowera khomo liti?"

"Si ganyu, Anti. Simuwapatsa kanthu."

"Mayo! Ndiwagwiritse ntchito yaulere? Ukufuna anditenge apolisi?"

"Iwo ndi amene akufuna!"

"Munthu akafika pakhomo n'kunena kuti musavutike ndakhuta, iwe umamukhulupirira? Ndi ulemu chabe umenewo. Akunena kuti asinje kuti ine ndikane."

Gideon anakanda m'mutu. Malaya ake atsopano a kaki, aja anawasita kawiri m'mawa, anali atanyowa kale kumsana. Thukuta limene abwana anaitanitsa linali kutuluka, koma pa munthu wolakwika.

"Chabwino," anatero Anti. "Atenge mtondo wopanda kanthu, kuseri kwa nyumba, agunde kawiri, uwajambule, abwere adye."

"Abwana anati chimanga."

"Ponyamo njere ziwiri."

"Nanga thukuta?"

"Akhale padzuwa. Mwezi uno limabwera lokha."

"Nanga madzi?"

"Nawo mumtsuko. Atunge ndi chikho."

"Anati kumjigo, Anti. Pamutu. Onse awiri."

"Ndi bamboyu yemwe? Ndi ndevu zakezi? Ndowa pamutu, mkazi wake ali moyo?"

"Sanatchule za ndevu."

"Iwe mwana iwe!"

Gideon anagwada. Inde, anagwada, ndi buluku lake lakaki, pafumbi.

"Anti, taonani zala zangazi. Zatuwa ndi sopo wa mbale. Anzanga akukwera galimoto, akuloza njovu, akulankhula Chizungu, ine ndikukwecha mapoto. Mukufuna ndibwerere komweko?"

"Mbale uzikatsuka wekha kukhitchini, palibe wokuona. Manyaziwa ndiwasenza ine, mudzi wonse uli maso."

"Ndiye ndikawauze chiyani abwana?"

"Ukawauze kuti kwa Anastasia mlendo amakhala pampando. Akafuna zosinjitsa anthu, atsegule ndende."

Du!

Onse awiri anatembenuka.

Du! Du!

Mipando inali yokha. Azungu aja, atatopa ndi kumwetulira, anali atazungulira kuseri kwa khitchini n'kupeza mtondo ndi dengu la chimanga chimene Anti ankati akonole mawa.

"Kalanga ine! Andipha!" Anti anathamanga chitenje chili m'manja, Gideon pambuyo. Anti anafika, anatambasula dzanja kuti alande munsi, kenaka dzanjalo linangoima m'malere.

Anthu inu, bambo uja amasinja! Munsi ukupita kumwamba mpaka kudenga, ukutsika ngati wakwiya, gaga akuuluka, nkhuku zikuthawa. Mkazi wake naye wagwira munsi wachiwiri, akulandirana, du uku, du uko, nkhope zafiira ngati mapwetekere, akuseka.

"Gideon."

"Anti."

"Bamboyu amadya chiyani?"

"Buledi, Anti. Ndi mkaka wouma wonunkha."

"Hmm." Anti anasuzumira mumtondo, anatapa mphale, anaifikisa ndi zala. "Umuuze mkaziyu asamagunde m'mbali. Pakati."

"Ndimuuze asiye?"

"Ndati pakati! Uli ndi makutu?"

Posakhalitsa a Dolly anatulukira, osati pamwamba pa mpanda tsopano, koma pakhomo penipeni, beseni la chimanga lili pamutu.

"Odi, aneba. Mukathana nawo mundibwerekeko."

"Alendo anga awa, a Dolly! Kapezeni anu!"

Zotsalazo mudzi wonse unaona. Bambo wandevu anachokera kumjigo ndowa ili pamutu, theka la madzi lili m'malaya, Anti ali patsogolo ngati akutsogolera kwaya, akupatsa moni aliyense kuti awaone bwino. Atafika pakhomo, Anti anawabweza ulendo wachiwiri, ati mtsuko wa kubafa sunadzaze.

Dzuwa litapendeka Gideon anawerenga pa zala, nkhope ili ngwee.

"Anti, zakwana! Asinja, atunga, thukuta ndi ilo. Zikomo kwambiri. Tsopano tizipita."

"Muzipita kuti?"

"Kukampu. Galimoto ikuwadikira, akaone mikango kusanade."

"Mikango ithawira kuti? M'pakimo ndi kwawo. Aiona mawa."

"Koma atopa, Anti! Taonani manja a mayiwa, atuluka matuza."

"Apake mafuta. Mapira aja sanapunthidwe."

"Mapira abwana sanawatchule!"

"Ndawatchula ine."

"Anti, awa ndi alendo!"

"Alendo ali kuti? Ukuona munthu pampando apo?"

Gideon anagwadanso, malo omwe aja.

"Chonde, Anti. Ndikachedwa nawo, kumbale ndabwerera basi. Abwana anena kuti tikapanda kufika nthawi yake, abwera okha kudzawatenga!"

Anti anali atawerama, akukhuthulira mapira mumtondo. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Abwere, mwananga. Munsi wachitatu uli kuseri kwa nkhokwe."