Mpala Umene Unaitana Anthu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Mlonyeni. Sindine munthu wolankhula zambiri, koma izi ndikazibisa ndichimwa.

Akazi anga, a Naphiri, anawapeza ndi khansa ya m'mawere. Ndinalamula ana kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo. Chibadwire sindinapemphepo kanthu kwa munthu, ndipo sindinkafuna kumveredwa chisoni.

Anayamba kulandira mankhwala a m'diripi ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Pa minibasi ankasanza njira yonse. Kenako tsitsi linayamba kuthothoka. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza pa mphasa, tsitsi lili m'manja, misozi ikungotsika. Mwana wathu wamkazi anali atathawira kuseri kwa nkhokwe kukalirira komweko.

"Bambo, ku Lilongwe sindipitanso," anatero a Naphiri. "Ndisiyeni ndifere pakhomo panga."

Ndinalowa m'nyumba n'kugwada. Ndinati, Ambuye, mawu ndilibe, chitanipo kanthu. Nditadzuka ndinatenga lezala n'kumeta imvi zanga zonse mpala, n'kukakhala pambali pa a Naphiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mutuwo ngati dzungu, bambo."

Anaseka koyamba chiyambire matendawa.

Chimene ndinaiwala n'chakuti kwathu kuno munthu wamkulu sameta mpala wamba. Timameta pa maliro. Anthu anandiona pa msika, ndipo a Naphiri anali atasowa ku tchalitchi kwa nthawi yaitali. Mbiri inawanda yoti anamwalirira ku Lilongwe ndipo ndinawaika komweko mwakachetechete.

M'mawa mwake tinamva nyimbo za maliro zikubwera m'njira. Anali amayi a ku tchalitchi, ufa uli pamutu, amuna awo akutsatira pambuyo ndi nkhuni. Atalowa pabwalo anapeza malemuwo ali pakhonde, akumwa phala.

"Mukulira ndani?" anafunsa a Naphiri.

Ena anathawa, ena anakhala pansi pomwepo. Kenako onse anawakumbatira, kulira ndi kuseka pamodzi. Mtsogoleri wa amayiwo anandiloza chala. "Inu a Banda, matenda mukubisa ngati fodya wozembetsa pa boda?" Ndinaweramitsa dzungu langa.

Mwa amuna aja munali a Tembo, oyendetsa thiraki ya katundu kuchokera ku boda kupita ku Lilongwe. Anati kuseri kwa mpando wawo kuli kabedi, a Naphiri azigona pamenepo ulendo wonse. Amayi aja anagawana masiku owaperekeza. A Naphiri anavomera kubwerera, ndipo mankhwala anamaliza onse. Madokotala akuti chotupa sichikuonekanso, ngakhale timapitabe kukapimitsa.

Ndinapempha Mulungu ndili ndekha m'chipinda, Iye anandiyankha ndi gulu la olira maliro. Ndikumuthokoza. Inu amene muli ndi wodwala, limbikani, asasiye mankhwala, ndipo chitseko musatseke.

Tsitsi la a Naphiri lamera, lofewa ngati la khanda. Langa akukana kuti ndilisunge. Akuti dzungu analizolowera.