Nyama ya Kuchigayo

Paison, kalaliki wa pa Boma la Ntcheu, ananena pamaso pa alendo kuti kuphika si ntchito, ndipo mkazi wake Esnath ananyamula chikwama n'kupita kwawo ku Biriwiri. Patapita sabata, Esnath amabwera pa minibasi ya faifi koloko, atalumbira kuti akapanda kupeza chakudya chophikidwa ndi manja a mwamuna wake abwerera. Ndiye Paison anasankha pafoni chakudya cha ku Asia, manudozi osakaniza ndi nyama, n'kutuma kumsika mlamu wake Fanizo, mlimi wa kachewere.

"Maola awiri, alamu!" anatero Paison, Fanizo akulowa. "Msikawo ausamutsira ku Mozambiki?"

"Ayi, ukadali pomwe paja. Ndinali pamzere kuchigayo."

"Kukatani?"

"Si munati nyama yogaya?"

Paison anasuzumira m'jumbo. Nyama inali mbuu, gaga yekhayekha.

"Mwalowetsa ng'ombe m'chigayo cha chimanga?"

"Mwini wake amakana. Nditati ndi za ku Asia, anavula chipewa."

"Koma ndiye nzerutu! Boma likulakwatu kukusiyani kumunda, munthu ngati inu."

"Sanandiitane," anayankha Fanizo modandaula.

Paison anayang'ananso foni yake. Pafoni analemba kuti chakudyachi n'cha mphindi khumi ndi zisanu, ndipo iye, munthu wa satifiketi, sakanagonja kwa mphindi khumi ndi zisanu.

"Sosi wa soya ali kuti?"

Fanizo anapisa m'thumba la jekete, n'kukhuthulira nyemba za soya patebulo. "Soya ndi ameneyo. Sosiyo mupanga nokha, ophika ndinu."

"Nanga jinja?"

Fanizo anatulutsa botolo la chakumwa cha jinja, lomwedwa theka. "Kunja kukutentha, alamu."

"Mukanamaliza! Mwadzimaniranji?"

Fanizo anathokoza, n'kugugudiza lonse.

Paison anaponya nyama ija m'chiwaya pambaula. Gaga anayamba kupserera, utsi tolo, misozi chuchuchu. Pambali manudozi anali atawira.

"Mphindi zitatu zakwana!" anakuwa akutsokomola. "Tayani madziwo!"

Fanizo anatuluka ndi poto. Kunja kunamveka khuthu! Anabwera poto ali mbee.

"Manudozi ali kuti?"

"Atsagana ndi madzi awo."

"Ndinati madzi!"

"Ndiye munanena kuti enawo atsale? Koma musadandaule, sanawonongeke. Nkhuku za aneba zikuwayesa nyongolotsi."

"Ha! Zikomo potidyetsera ziweto. Muziitanire ndi agalu omwe, chiwayachi chapsa."

Fanizo anatulutsa mutu pakhomo n'kuimba likhweru.

"Alamu!"

Nthawi inali hafu pasiti folo. Patebulo panatsala paketi imodzi yokha ya manudozi. Paison anakhala pansi khwetsa, mthiko uli m'manja. Sabata yonse anali akudya mabanzi, ndipo nyumba inali zii ngati ofesi Loweruka.

"Alamu," anatero chapansipansi, "uyu akabwerera lero, basi sadzabweranso. Ndinalakwa ine. Kuphika ndi ntchito."

"Mwati bwanji? Utsiwu wanditseka makutu."

"Ndati kuphika ndi ntchito!"

Fanizo anavula jekete. M'thumba lamkati anatulutsa nyama yogaya ya kubutchala, kabotolo ka sosi wakuda, adyo ndi jinja weniweni. Anatola mpeni, anyezi n'kusanduka tizidutswa Paison asanaphethire.

"Izi... mwaphunzira kuti?"

"Zaka zinayi ndinkaphikira Atchaina omanga msewu."

"Zinayi! Ndiye tsiku lonseli mumangondionerera?"

"Ndimakuthandizani monga munkanenera."

Paison anadzuka msangamsanga, nkhope itawala, n'kumupatsa mthiko ndi manja awiri.

"Mulungu akudalitseni, alamu. Phikani, ine ndidzanena kuti..."

Fanizo anakokera mpando pafupi ndi mbaula, n'kukhala mwendo pamwamba pa unzake.

"Tsukani chiwayacho, alamu, changu. Wothawidwa ndi mkazi muno si ine."