Likhweru la mu Ampu ya Alamu

— Halo?

— Halo, achimwene. Ndine mlongo wanu. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera bwino, chemwali, kaya iwe? Wasinthanso nambala?

— Ndabwereka foni ya aneba, yanga mayunitsi atha. Kunyumba ali bwanji? Ana?

— Onse ali bwino, kungoti wamng'onoyu chimfine. Nanga kwanuko? Katswiri wathu wa gitala ali bwanji? Malata akadalipo padenga, kapena anawasasula ndi phokoso?

— Musayambe, achimwene. Nkhani yake ndi yomweyo. Ampu ya alamu anu munakonza ija, yokuzira mawu a gitala, akuti ikulirabe.

— Ikulira bwanji? Kulira kulipo kosiyanasiyana. Ikung'ung'udza ngati firiji, ikuti shiii, kapena ikuimba likhweru?

— Akuti likhweru. Laling'ono, koma losalekeza.

— Bodza. Ampu imeneyo inachoka pa tebulo panga ili zii. Timavalavu ting'onoting'ono ta kutsogolo tija, timabotolo toyaka tija, ndinatigogoda kamodzikamodzi ndi pensulo. Kena kanalira ngati belu, ndinakataya n'kuikapo katsopano. Mawaya ndinawotchereranso. Akufuna chiyani, ndiisambitse?

— Ine sindidziwa za mawaya. Chomwe ndikudziwa, Loweruka lino bandi yawo ikukajambula ku situdiyo. Mwini bandi wanena kuti akabweranso ndi nyimbo ya kuti ampu ikulira, pa gitala aikapo wina. Ndipo winayo alipo kale, akungoyembekeza.

— Ampu ilibe mlandu. Mwamuna wakoyo batani la geni amalipotokola mpaka kumapeto, ngati akutseka mpopi wodontha. Geni ikakwera choncho, chilichonse imakuza, ngakhale mpweya wa mawaya. Kenako iyeyo amakaima mogundana ndi sipika ngati akuwotha moto. Gitala imve sipika, sipika imve gitala, zizingobwezerana mawu. Isalire bwanji? Ndinamuuza atembenuke, asunthe pang'ono. Anati ine ndine wokonza mawailesi, za nyimbo ndisalowemo.

— Sananene choncho.

— Ananena, ndipo anauzanso mabandi onse kuti mlamu wake ntchito anaiphunzirira pa windo. Halo? Ukundimva?

— Ndikukumvani, netiweki ikudukaduka. Dikirani ndituluke pakhonde. Eya. Kungoti, achimwene, musakwiye. Dzulo anaitsegula.

— Anatsegula chiyani?

— Ampuyo. Kumbuyo. Anati pali kasikuluwu kena m'katimo, kotchedwa baya... bayasi.

— Anakapotokola ndi chiyani? Mita yoyezera magetsi alibe.

— Kampeni kanga kodulira anyezi.

— Kampeni ka anyezi. Chabwino. Ndiye mavalavu aakulu aja anatani?

— Anafiira m'kati ngati makala. Iwo anasangalala, anati tsopano mphamvu yakwana.

— Mphamvu yakwana. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Chitsulo cha m'kati mwa valavu chikafiira ndiye kuti valavuyo ikufa. Bayasi ndi mlingo chabe wa magetsi amene mavalavu aakuluwo amadya. Ukachepetsa, mawu amauma. Ukachulutsa, amapsa. Timayeza ndi mita, osati ndi maso, ndipo likhweru sichotsa ayi. Komanso m'katimo magetsi amatsalamo ngakhale uzule pulagi. Ukanakhala mkazi wamasiye lero, chemwali, chifukwa cha kampeni ka anyezi.

— Ndinawaletsa.

— Munthu ameneyo amaletseka? Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

— Mawu amenewo musanene, achimwene.

— Ndalakwa pati? Ndimunyengerere? Bambo wa ndevu zake, ana akulowa sekondale, iye akadali kudumpha pa siteji ngati...

— Ndati musanene.

— Chabwino, ndasiya. Tiye tichite chonchi. Lowa m'nyumba, uiyatse, voliyumu pang'ono, gitala osalumikiza. Uike foni pafupi ndi sipika ndilimve ndekha likhwerulo.

— Simumva kanthu.

— Netiweki yabwerera bwino, ndimva.

— Si netiweki. Simumva kanthu chifukwa inenso sindinalimvepo.

— Ukutanthauza chiyani?

— M'mawa uno ndimafuna kusita mayunifolomu, ndiye ndinazula pulagi ya ampu pa soketi. Nditamaliza ndinaiwala kubwezera. Iwo analowa, kukhala pampando, kupendeketsa mutu, n'kunena kuti, “Mayi a ana, wamva? Yayambanso.” Pulagi ili pansi, achimwene, pafupi ndi phazi langa. Kanyale kofiira kaja kosayaka n'komwe.

— Ndiye iwe unati chiyani?

— Ndinati eya, ndikumva.

— Ukumva.

— Ndikanati chiyani? Ana anayang'anana, wamkulu anatuluka. Kuyambira kale ndakhala ndikuvomera. Poyamba ndinkaganiza kuti makutu a anthu oimba ndi akuthwa kuposa athu. Halo? Achimwene?

— Ndilipo. Zinayamba liti?

— Sindikudziwa bwino. TV amaikweza mpaka aneba kugogoda khoma. Foni anasiya kuiika khutu lakumanja. Mwana akawaitana ali kumbuyo satembenuka, kenako amamukalipira kuti amayankhulira m'kamwa. Ndiye likhwerulo likawavuta amakweza ampu kuti alikwirire.

— Kuzimitsa moto ndi petulo. Khutu lakumanja ndi lomwe amayang'anitsa ku sipika zaka zonsezi. Ine ndakhala ndikusakasaka likhweru m'mawaya, maso kufiira, pomwe lili m'mutu mwa mwini wake. Ndipo iwe, mlongo wanga weniweni, umandiona ndikunyamula chimbokosi cholemera chija, uli duu.

— Pepani. Koma ndili ndi pempho.

— Ndadziwa kale kuti sindilikonda.

— Bwerani mudzaitenge. Mudzanene kuti munalakwitsa ndinu, pali waya munaiwala. Muisunge mpaka Lachisanu, muibweze, munene kuti yatheka. Akhulupirire kaye, Loweruka lidutse.

— Ndiye mbuli ndikhale ine. Ndivomere pamaso pa munthu wa kampeni ka anyezi kuti ntchito sindiidziwa. Nanga Lachisanulo akadzaiyatsa n'kulimvanso, ndidzanena kuti ndinaiwala waya wachiwiri? Ku situdiyo kulibe aneba ovomera zilizonse, chemwali. Chipinda chake chimakhala zii. Adzamuveka mahedifoni, iye adzaimitsa nyimbo kuti pali likhweru, anzake onse adzayang'anana ngati ana akowo. Ukufuna akamvere kumeneko?

— Ayi.

— Nanga bwanji osamuuza wekha?

— Ndikuopa, achimwene. Munthu uja kupatula gitala alibe china. Inu mumamuseka, koma ine ndinamuona akuimba holo yonse ili chiimire. Ndimuuze kuti chawonongeka si ampu? Pakamwa panga sipangatuluke zimenezo.

— Pano ali kuti?

— Kuchipinda. Agwada kumbuyo kwa ampu, khutu aligunditsa pa bokosi. Pulagi ndabisa kuseri kwa kabati kuti asaiyatsenso.

— Apo pokha waganiza. Isayakenso, ndipo kampeni kako ubise. Mavalavu aja anapsa kale, amenewo ndi ntchito yanga. Zinazo si za sikuludilaiva.

— Dikirani, akubwera. Eya, bambo a ana, ndi achimwene. Ndati ndi achimwene. Eya, ndawauza. Akuti... Achimwene, akufunsa kuti mubwera liti kudzakonza zomwe munawononga.

— Umuuze mawa m'mawa. Umuuze kuti ndavomera, vuto ndalipeza, koma chofunikacho sichipezeka pa shopu panga. Tikwera galimoto yanga tikachifune limodzi, ine ndi iye.

— Akuti mawa, bambo a ana. Mawa. Mupitira limodzi. Abwerera kuchipinda, achimwene, akuseka. Akuti ankadziwa kuti mugonja. Ndiye ampuyo ndiikonzeretu pakhomo?

— Isiye pomwe ili. Ndi ku chipatala cha makutu kumene tikupita. Ndimuuza tili m'galimoto, zitseko nditakhoma. Anditukwane ine, ndinazolowera.

— Nanga Loweruka?

— Za Loweruka akanena ndi adokotala. Mwina akaimba atatseka makutu, mwina ayi. Sindikulonjeza.

— Achimwene, mukamuuze mofatsa. Chonde.

— Mofatsa sangamve, chemwali. Koma ndikhala mbali ya khutu lakumanzere.

— Galimoto yanu woyendetsa amakhala kumanja, ku khutu losamva lija... basi, aneba akufuna foni yawo. Mupereke moni kunyumba.

— Akamva. Umudzutse msanga.